Chitini cha Nambala 7

Kwa Mtenje, Kasenengwa,
Fort Jameson.
1 Seputembala 1958.

Alongo anga a Jairos,

Loweruka pa 30 Ogasiti akulu a mpingo anandiitanira m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Analipo ndi a Gerson, amene ankatsogolera, akulu ena awiri, a Lemmy kalaliki wa kwa Mkamanjati, ndi ine. Amayi anakhala panja pa tsinde la mtondo chifukwa sanaloledwe kulowa. Mundikhululukire kuti ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatseni moni. Muli bwanji ku Lusakako? Kuno tadzuka, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Mukudziwa kuti atate atamwalira mu Malichi, asuweni athu a Boaz anabwera kudzatenga ng'ombe zonse za amalume awo monga mwa mwambo, ife n'kutsala ndi mbuzi za amayi. Mkaka wa mbuzizo ndiwo ukutidyetsa. Ndimaugulitsa kwa mzungu wa ku Italiya uja anthu anamutcha Mkamanjati chifukwa chonena kuti kwawo amakama njati. Iye amaumba tchizi cha mkaka wa mbuzi n'kumatumiza kwa anzake omanga khoma lotchinga madzi ku Kariba, ndipo wa ng'ombe saufuna ngakhale dontho.

Madzulo ndikakama ndimayesa ndi botolo la painti, n'kuthira m'chitini changa cha nambala 7. Chivundikiro ndimamanga ndi chingwe, kenako ndimakaimika chitinicho m'madzi pa khwawa la pafupi ndi msewu kuti mkaka usasase. Lole imachitenga m'mawa, ndipo a Lemmy amakayesanso ku famu.

Tsono tchizi chinayamba kuoneka chachikasu, a ku Kariba n'kudandaula. Mzungu anatenga mkaka pang'ono m'chitini cha aliyense, natumiza kokapimitsa. Yankho labwera lakuti m'nambala 7 muli mkaka wa ng'ombe.

A Gerson anandifunsa kumene ndimautenga. Ndinayankha kuti m'khola lathu la ng'ombe tsopano mukupalasa nkhuku. Pamenepo a Lemmy ananena za masiku amene mkaka wanga unkachuluka, ndipo sananame. Kuyambira pa 4 Ogasiti, masiku ena ndinkathira mapainti anayi, koma ku famu ankapeza asanu, mwina asanu ndi limodzi. Onse oonjezerawo akwana khumi ndi anayi. Ndinkalandira malipiro ake osafunsa. Ndinkayesa kuti a Lemmy akungondikomera mtima, paja akhala akufunsa ngati amuna anga aja a ku Halale adzabwererenso.

Akulu ati adikira mzungu apimitsenso kachiwiri. Akandipeza wolakwa, andiimitsa pa Mgonero. Ine amene ndakhala ndikutsuka tizikho ta Mgonero chichokere ku sukulu, ndizidzatuluka pamodzi ndi osabatizidwa, mpingo wonse ukuyang'ana. Izi ndizo zikundilemera kuposa za mzungu.

Inu mumagwira ntchito kopima zinthu. Ndiuzeni ngati galasi lopimira limanama.

Ndine mlongo wanu,
Olipa.

*

Lusaka,
29 Ogasiti 1958.

Mlongo wanga Olipa,

Kodi mapensulo anatha ku Kasenengwa? Miyezi iwiri osandilembera. Muli bwanji nonse? Uwauze amayi kuti bulangete ndagula, likungodikira munthu wa pa basi amene sangalifunde yekha.

Ndili ndi nkhani yoseketsa ya kwathu konko. Ku labotale kuno kunafika bokosi la timabotolo ta mkaka lochokera kwa mzungu wa tchizi wa ku Fort Jameson. Mayina palibe, manambala okhaokha. Dokotala wathu anagwirako ntchito ku India, kumene njati ndi zoweta, zimakoka pulawo ngati ng'ombe. Akuti tchizi cha njati chimadula, tsono ochenjera amasakanizamo mkaka wa ng'ombe. Kumeneko ndiko anaphunzira kuwagwira, ndipo akuti nzeru yomweyo imagwiranso pa mkaka wa mbuzi.

Tamva mmene timachitira. Timaweta akalulu m'zikwere. Mmodzi timamubaya jakisoni wa mkaka wa ng'ombe pang'onopang'ono kwa masabata angapo, mpaka magazi ake ataphunzira kudana nawo. Kenako timatenga magazi pang'ono kukhutu kwake, kuwasiya agwirane, n'kutunga madzi oyera a pamwamba pake. Madziwo timathira m'kachubu kagalasi, pamwamba pake dontho la mkaka wosefa bwino. Ngati muli wa ng'ombe, pamene ziwirizo zakumana pamabwera kamzere koyera ngati mphete. Dokotala amayang'ananso mafuta, chifukwa a ng'ombe ndi achikasu, pamene a mbuzi ndi a njati ndi oyera mbee. Ine yanga ndi kudyetsa akalulu, kuwagwira, ndi kutsuka magalasi, koma m'tauni muno amanditcha dokotala ndipo sindikana.

Mabotolo onse anali bwino kupatula nambala 7. Mphete yake inkaoneka ngakhale uli pakhomo. Ife tamutcha Mayi Seveni. Undifufuzire kuti ndi ndani. Ndikubetcha kuti ndi mmodzi wa okhala pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi, oyimba motseka maso aja.

Za magazizi usawauze amayi, angadzati ndalowa gulu la abanyama opopa anthu magazi. Masiku a Chitaganya ano anthu akuopa ngakhale shuga wa m'sitolo, akuti azungu amathiramo mankhwala.

Mlongo wako wa m'tauni,
Jairos.

*

Kwa Mtenje.
10 Seputembala 1958.

Alongo anga,

Tikuthokoza moni. Kalata yanu ya pa 29 Ogasiti inafika pa 6, ndipo ndaona kuti inaphonyana ndi yanga pa msewu. Mayi Seveni ndine. Sindikhala pa mpando wakutsogolo, ndimakhala wachitatu, pafupi ndi zenera.

Makalata anu ndimawawerengera amayi mokweza ndikangotsegula, choncho za magazi zija ndinaziwerenga ndisanafike pamene munaletsa. Anangoti mwana wawo anapita bwinobwino.

Pali china chimene sindinanene kwa akulu. Titatuluka tsiku lija, a Lemmy anandiimitsa panjira n'kundifunsa kuti amandimangira chivundikiro ndi ndani, chifukwa masiku ena mfundo yake inkawakanika kumasula mpaka kudula ndi mpeni. Anatulutsa m'thumba kachingwe kamodzi kamene anadula, n'kundipatsa. Alongo, inali mfundo ya atate, yopinda kawiri n'kubwerera kumanzere, ija ankamangira chitseko cha khola. Mukukumbuka kuti munayesa kuiphunzira n'kulephera, atate n'kumaseka kuti imafuna munthu wamanzere ngati iwo. Ine sindiidziwa. A Lemmy akuti inkapezeka masiku okhawo amene mkaka unkachuluka.

Mawu awo anandikumbutsa za pa 19 Ogasiti. Tsiku limenelo ndinapita ku khwawa dzuwa litatuluka kale, lole isanafike, kukatenga mpango umene ndinaiwala pa mwala. Chitini chinali pamalo pake. Nditachikhudza ndinamva chili chofunda, chonsecho chinagona m'madzi ozizira. Chinali chofunda ngati mkaka wongochoka kumene ku bere. Chingwe sindinachiyang'ane. Pamchenga panali mapazi anga a dzulo lake ndi a timbalame basi. Galu wathu anakana kutsika, anakhala pamtunda n'kumagwedeza mchira, akuyang'ana tsidya lina kumene kunalibe munthu. Ankagwedeza mmene ankachitira atate akamabwera kudimba.

Chichitikire bwalo lija, mkaka sunachulukenso. Ndimathira anayi, ku famu amapeza anayi. Mzungu watenganso wina wokapimitsa.

Simunayankhe funso langa, poti munali musanalione. Ndikulibwereza.

Olipa.

*

Lusaka,
21 Seputembala 1958.

Olipa mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi amayi. Makalata ako onse awiri ndalandira. Pakamwa panga pandichititsa manyazi, undikhululukire.

Koma ndikufunsa ngati mlongo wako, osati ngati mkulu wa mpingo. Chilimwe chino mbuzi zimauma. Ngati unagulako mkaka wa ng'ombe kuti chitini chidzaze, undiuze ine ndekha, sindikwiya. Ngati si iwe, ganiza za Boaz. Anakulira pa mapazi a atate, mwina mfundoyo anaiphunzira, ndipo sanakondwe kuti mbuzi zinatsala.

Funso lako ndinamufunsa dokotala, osatchula kuti ndiwe. Akuti mbuzi ndi ng'ombe ndi pachisuweni, ndiye madzi a magazi aja akapanda kukonzedwa bwino amatha kuonetsa kamphete kozimiririka ngakhale pa mkaka wa mbuzi. Koma ya nambala 7 sinali yozimiririka, ndipo mabotolo ena onse, a mbuzi omwewo, anali oyera. Ndinaona ndi maso anga.

Za galu ndi za kufunda uzisiye. Akufa sakama, Olipa. Zikachitikanso, chitinicho usachipereke ku lole. Uwiritse botolo, uthiremo mkakawo ndi kapiritsi kamodzi mwa timene ndaika m'kalatamu kuti usasase, n'kumupatsa Fulansisi woyendetsa basi ya Lachisanu. Bulangete ali nalo ndi yemweyo.

Jairos.

*

Kwa Mtenje.
10 Okutobala 1958.

Mwana wanga Jairos,

Ndine mai wako. Akundilembera ndi a Getrude aphunzitsi, chifukwa mlongo wako ndikamamuuza zolemba, mawu anga ena amawasiya panjira. Uli bwanji? Bulangete lafika. Ndi lopyapyala, koma zikomo.

Dzulo mkaka wabweranso. Mlongo wako anabwera nacho chitini kunyumba nkhope itagwa. Ndinaona mkakawo uli wolemera, wachikasu. Ndinawiritsako pang'ono, n'kugwirana mu mphika. Ndi chithuwi, mkaka woyamba wa ng'ombe yongobala. Iwe ukudziwa amene ankakonda chithuwi pakhomo pano, mpaka kudyera mu mphika momwemo ngati mwana.

Atate wako sanatigonekepo ndi njala. Tsiku lomwalira anafuna kundiuza kanthu. Anati ng'ombe, n'kupuma, n'kunenanso kuti ng'ombe. Atatembenuza maso anaona Boaz ali pakhomo, basi anatseka pakamwa. Munthu wopita ndi mawu m'kamwa sagona msanga.

Tsono tamvera. Botolo limene mlongo wako akutumiza usalisakanize ndi magazi a akalulu. Ukathire pa tsinde la mtengo, unene kuti talandira. Wokupatsa chakudya sumusuzumira m'manja. Ndipo ntchito yamagaziyo uisiye, ufune ya ku njanji ngati anzako.

Mai wako.

*

10 Okutobala 1958.

Alongo,

Nali botolo. Ndi mkaka umene ndinaupeza Lachinayi pa 9 m'mawa. Ndinathira mapainti atatu, ndinapeza asanu. Ku lole sunapite.

Ulendo uno mfundo si ya atate. Ndi mfundo wamba, yomanga mophwephwera. Chitini chinali chozizira, ndipo pamchenga panali timabowo ta ndodo.

Funso lanu ndinaliyankha kale pamaso pa akulu, sindiliyankhanso. A Boaz ali ku Chadiza ndi ng'ombe zawo chiyambire Epulo, ndipo iwo chilichonse amamanga ndi waya.

Amayi alemba yawo. Muchite zimene mukuona.

Olipa.

*

Lusaka,
18 Okutobala 1958.

Olipa,

Moni. Uwapepese amayi, theka la botolo ndathira pa tsinde la mtengo wa kuseri kwa labotale, ndipo mawu aja ndanena, ngakhale mlonda ankandiyang'ana ngati ndapenga. Theka linalo tapima.

Ndinamuuza dokotala zoona, kuti nambala 7 ndi mlongo wanga. Sanaseke. Anapima yekha nthawi ya chakudya cha masana. Mphete yabwera, ndi mkaka wa ng'ombe. Kenako anaika dontho pa makina okulitsa tinthu tating'ono, n'kundiitana kuti ndione. Munali timibulu tikulutikulu ngati mabulosi, timene akuti timapezeka mu mkaka woyamba wokha. Amayi analondola. Ng'ombeyo inali isanathe masiku asanu chibalire.

Tsono tamvera, mlongo wanga. Ng'ombe za kumanda sizibala, ndipo mizimu siyenda ndi ndodo. Yenda m'makola onse a kufupi ndi khwawa, ufune thole la mchombo wosauma. Mwini wake ukamupeza, umukokere kwa a Gerson. Mkaka wachiwiri wa mzungu tinapima kale, nambala 7 inali yoyera, yankho lili m'njira. Ukaphatikiza ndi munthuyo, mlandu watha.

Undilembere msanga. Usiku wathawu ndinalota ndikuyesa kumanga chitseko cha khola, wina akuseka kumbuyo kwanga. Usawauze amayi.

Jairos.

*

Kwa Mtenje.
27 Okutobala 1958.

Alongo anga a Jairos,

Tili bwino, kaya inu. Kalata ino muwerenge muli nokha.

Ndinayenda m'makola ngati wofuna ndowe zothira kudimba. Loweruka pa 25, dzuwa lili paliwombo, ndinafika kuseri kwa phiri, kwa a Whiteson, anzawo a atate aja anawetera nawo limodzi ali anyamata. Chimwalirire akazi awo amakhala okha, ndipo amayenda ndi ndodo. M'khola mwawo munali ng'ombe yofiira ya chipumi choyera, thole lili pansi pake. Khutu lake lakumanzere linali lodula pawiri, chizindikiro cha atate. Inasiya kunyambita mwana n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

A Whiteson anali khale mumthunzi wa nkhokwe. Sanadzidzimuke. Anati, "Wafika, Nambewe. Ndimadziwa kuti wina wa kwanu abwera. Ndimangopempha kuti akhale wamoyo."

Anandiuza zonse. Zaka zitatu zapitazo atate anabwera ndi ng'ombeyo ili yaing'ono, kudzaikiza m'khola mwawo kuti a Boaz asadzaiwerengere pa chuma cha amalume awo. Anapangana kuti atate akadzafa, maliro akazizira, ng'ombeyo, mkaka wake ndi ana ake zidzakhale za amayi. Maliro anazizira, a Whiteson anakhala chete. Mkaka ankamwa okha mpaka ng'ombe inauma mu Juni. Akuti tsiku lililonse ankati apita mawa.

Mu Seputembala anamva anthu akunong'ona kuti m'chitini cha mwana wa Mbewe mukupezeka mkaka wa ng'ombe, chitinicho chitamangidwa ndi mfundo yamanzere. Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kutsika. Anati, "Ndinadziwa kuti mnzanga watopa kudikira, wayamba kugwira yekha ntchito yanga." Ng'ombe itabala pa 7 Okutobala, anatenga mkaka woyamba, umene uli gawo la mwini wake, n'kukathira m'chitini changa mbandakucha wa pa 9. Sankadziwa kuti mzungu amadana ndi wa ng'ombe. Iwo ankayesa kuti akundichulukitsira malipiro, ndiponso kuti atate aona n'kupumula.

Ndinawafunsa za Ogasiti. Anandiyang'ana ngati ndine mwana, n'kufunsa kuti ng'ombe ya bere lalikulu, mawere atauma ngati chikopa, akanaikama chiyani. Anati ndifunse woweta aliyense. Ndinafunsanso mwa njira ina, yankho lomwelo. Ndinawapatsa kachingwe ka a Lemmy kaja kuti aone. Sanakalandire. Anabisa manja kumbuyo, koma ndinali nditawaona kale mmene amanjenjemera. Manja amenewo sangamange mfundo ija.

Ndikunyamuka anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mnzanga akadali wokwiya?" Ndinati sindikudziwa, koma ku khwawa asapitenso.

Anandiperekeza mpaka pa mpanda, n'kundikumbutsa chimene ndinali nditachiganiza kale. Akazi a a Gerson ndi a kwawo kwa a Boaz. Ndikatchula a Whiteson pa bwalo m'mawa, pofika sabata mawu afika ku Chadiza, ndipo ng'ombe ndi thole lake zitsatira zinzake.

Amayi nditawauza anati, "Ndiyo ng'ombe ankanena ija." Madzulo ake anadya bwino koyamba chiyambire Malichi.

Bwalo likhala pa 8 Novembala. Ndiuzeni maganizo anu.

Olipa.

*

Lusaka,
2 Novembala 1958.

Mlongo wanga,

Moni wachangu, ndikuthamangira positi. Unene zonse. Dzina lako liposa ng'ombe, ndipo amayi ndidzawagulira ina ndikakwezedwa. Whiteson uja wasokoneza miyezi, kapena akuchita manyazi kuvomera zonse. Uwauze akulu kuti anathira ndi iye kuyambira pachiyambi. Ndani pa bwalopo adzawerenga miyezi ya bere la ng'ombe? Iye ndi wokalamba, sangamuchite kanthu.

Kachingwe kaja ukatenthe.

Jairos.

*

Kwa Mtenje.
1 Disembala 1958.

Alongo anga a Jairos,

Moni wochokera kwa ine ndi amayi. Mvula yayamba, tabzala chimanga cha kuseri kwa nyumba. Kalata yanu ya pa 2 Novembala inafika pa 11, bwalo litapita kale. Musadandaule nazo, ikanafika msanga sikanasintha kanthu. Miyezi ya bere la ng'ombe ija ine ndinali nditaiwerenga.

Pa 8 Novembala analipo anthu omwe aja, amayi ali pa tsinde lomwe lija. A Lemmy anawerenga yankho lachiwiri, lakuti mkaka wanga wa mu Seputembala unali wa mbuzi wokhawokha. Kenako a Gerson anandifunsa ngati ndikumudziwa amene ankathira mkaka wa ng'ombe m'chitini changa mu Ogasiti. Ndinati sindikumudziwa. Za Okutobala sanafunse, poti mkaka umenewo sunafike ku lole. Anandifunsa za Ogasiti, ine ndinayankha za Ogasiti.

Mkulu wina anafunsa ngati pali amene ndikumuganizira. Ndinati alipo, koma sangaitanidwe pa bwalo. A Lemmy anayang'ana pansi. A Gerson anati zoterozo sizinenedwa m'nyumba ya Mulungu, ndipo anapemphera nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Andiimitsa pa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa ndinalandira malipiro a mkaka umene ndinkadziwa kuti sindinaukame. Pamenepo sanalakwe. Alamulanso kuti mapainti khumi ndi anayi aja ndibweze kwa mzungu ndi mkaka wa mbuzi, wopanda malipiro. Mzungu wavomera, ndipo akupitiriza kugula wanga.

Dzulo kunali Mgonero. Nthawi itakwana ndinadzuka pa mpando wachitatu paja n'kutuluka ndi osabatizidwa. Njira yochoka pa zenera kufika pakhomo sindinkadziwa kuti ndi yaitali chotero. Tizikho akutsuka ndi a Dolika tsopano. Ndinaona pa zenera kuti akutisunga tisanaume.

Ng'ombe ili bwino, thole likunenepa. A Whiteson amabwera masana, poyera, ndi chipanda cha mkaka ngati mphatso ya mnzawo wa malemu, ndipo palibe wafunsa. Amayi masaya ayamba kubwerera.

Mkaka wobwezawo sindiusiya ku khwawa. Ndimasenza ndekha mpaka ku famu. Ndinabweza mapainti atatu pa 15 ndi awiri pa 22 Novembala. Loweruka lapitali, pa 29, ndinayesa awiri amayi akuona, ndinayesanso kachiwiri, n'kumanga chivundikiro ndi manja anga. Panjira sindinatule. Powoloka khwawa madzi anali m'mawondo, ndinagwira chitini ndi dzanja limodzi, lina chitenje. Nditakwera tsidya lina ndinamva pamutu pakufunda, khosi n'kulemerako. Galu anatsala kumbuyo, akugwedeza mchira.

Ku famu a Lemmy atalandira chitini anayang'ana chingwe, kenako anandiyang'ana ine. Mfundo sinali yanga ija. Sanayese kumasula. Anadula ndi mpeni n'kupukuta manja pa kabudula. Atayesa anapeza mapainti atatu.

Ndinawapempha kuti mkakawo usalowe mu tchizi cha mzungu. Tinapita nawo pa tsinde la mkuyu wa kuseri kwa shedi, ndinathira wonse pansi. Ndinanena kuti talandira, ng'ombe taipeza, amayi akumwa, tsono apumule, ngongoleyi ndi yanga. A Lemmy anavula chipewa. Pambuyo pake anafuna kulemba awiri, poti awiriwo ndinabwera nawodi. Ndinakana, chifukwa mzungu sanalandire kanthu.

Kachingwe kaja sindinatenthe. Tsopano tizingwe tilipo tiwiri, ndatiika m'Baibulo la atate. Loweruka likudzali ndidzazungulira pa mlatho wa ku msewu, ngakhale ndi kutali. Botolo lina sinditumiza. Mukabwera pa Khirisimasi mudzadutse kwa a Whiteson, mukaione ng'ombe ya amayi.

Ndine mlongo wanu,
Olipa.

Obweza kale ndi mapainti asanu. Otsala ndi asanu ndi anayi.